Kodi ndi narcissist, kapena wangondikwiyitsa? Mafunso ndi mayankho

Liwu lachingerezi lakuti narcissist, lonena za munthu wodzikonda mopitirira muyeso, lafalikira ngati moto wolusa. Chibwenzi chikatha, mnyamatayo anali narcissist. Bwana akakana kusainira tchuthi, ndi narcissist. Ena afika nalo mpaka kwa amayi awo owabereka. Mukawafunsa kuti anadziwa bwanji, ambiri amatulutsa foni: anayankha mafunso khumi pakati pa usiku, zotsatira n'kutuluka m'zilembo zofiira, 92 peresenti. Anthu a khalidwe limeneli alipodi, ndipo kukhala nawo n'kowawa. Koma foniyo munthu uja sinamuone. Inangomva mbali yanu, tsiku limene munali ndi mkwiyo.

Liwu limeneli linachokera kuti?

Linachokera ku nthano ya Agiriki akale. Narcissus anali mnyamata wokongola amene ankakana aliyense womufuna. Tsiku lina anawerama padziwe kuti amwe madzi, anaona nkhope yake m'madzimo, anaikonda mpaka analephera kuchokapo, ndipo anafera pomwepo. Madokotala anabwereka dzinali pambuyo pake. Havelock Ellis wa ku England analitchula mu 1898, Sigmund Freud analemba nkhani yonse pa mutuwu mu 1914, ndipo mu 1980 bungwe la American Psychiatric Association linaliika m'buku lake la mavuto a maganizo lotchedwa DSM-III.

M'Chichewa mulibe liwu limodzi lokwanira zonse. Kudzikonda, kudzikuza, matama, kudzimva, lililonse likugwira mbali yake. Chofunika kudziwa n'chakuti liwu lachingerezili limanena zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi khalidwe limene aliyense ali nalo, wina pang'ono wina kwambiri, monga momwe anthu amasiyanirana msinkhu. Chachiwiri ndi vuto la maganizo lotchedwa narcissistic personality disorder, limene amalipeza ndi dokotala. Chisokonezo chambiri chimabwera chifukwa anthu amaona choyambacho n'kuchipatsa dzina la chachiwiri.

Nanga madokotala amayang'ana chiyani?

Buku la DSM-5, limene linatuluka mu 2013, lili ndi zizindikiro 9. Munthuyo amadziona wofunika kuposa mmene ntchito zake zikuonetsera. Amangokhalira kulota za ulamuliro, chuma, nzeru, kukongola kapena chikondi chopanda chilema. Amakhulupirira kuti iye ndi wapadera, ndipo angamumvetse ndi anthu apamwamba okha. Amafuna kutamandidwa mosalekeza. Amaona kuti zabwino zonse n'zomuyenera, asanakhetse n'thukuta lomwe. Amadyera anzake masuku pamutu. Safuna kudziwa mmene ena akumvera mumtima. Amachitira ena nsanje, kapena amakhulupirira kuti onse amamuchitira nsanje iyeyo. Ndipo amanyoza, poyankhula ngakhale pongoyang'ana.

Pafunika zizindikiro zosachepera 5 mwa 9 zimenezi. Muwerengere bwino apa: anthu awiri akhoza kupezeka ndi vuto lomweli koma n'kufanana pa chizindikiro chimodzi chokha. N'chifukwa chake wa mnzanu sangakhale chimodzimodzi ndi wanu. Kuwonjezera apo, khalidweli liyenera kukhala loti linayamba munthuyo akungolowa kumene uchikulire, silisintha, limaonekera kunyumba, kuntchito ndi kwa anzake, ndipo likuwononga moyo wake. Wodzitama paukwati tsiku limodzi atamwa sali m'gulu limeneli.

Buku lomwelo limati m'kafukufuku wosiyanasiyana vutoli lapezeka mwa anthu osapitirira 6.2 peresenti, ndipo mwa opezeka nalo, pakati pa 50 ndi 75 peresenti ndi amuna. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatenga njira ina. M'buku lake la ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, mulibe dzina lapadera la vutoli. Dokotala amangoona kuti umunthu wa wodwalayo wasokonekera pang'ono, pakatikati kapena kwambiri, kenako n'kufotokoza mbali zake. Ngati akatswiri enieniwo sanagwirizane za malire ake, kwizi ya mphindi zitatu ikuwadziwa bwanji?

Ine si dokotala. Ndingazindikire bwanji khalidweli mwa munthu amene ndimakhala naye?

Musayang'ane tsiku limene zinthu zikumuyendera. Yang'anani nthawi zinayi izi: mukamukaniza chinthu, mukamudzudzula, inu zikakuyenderani bwino, ndiponso mukakhala pa mavuto.

Tiyerekeze kuti mwabwera kuchokera kuchipatala kumene mwagoneka bambo anu. Mwakhala pansi, nsapato simunavule n'komwe, mukuyamba kufotokoza zimene adokotala anena. Musanamalize chiganizo chachiwiri, iye wayamba za msana wake umene unamupweteka chaka chatha, ndi mmene anapiririra popanda womuthandiza. Pakutha pa mphindi khumi, ndinu amene mukumupepesa. Mawa lake sakufunsani kuti odwala agona bwanji. Zikachitika kamodzi, mwina anatopa. Zikamachitika nthawi zonse, zaka ndi zaka, pamenepo pali nkhani.

Kapena mwakwezedwa pantchito. Mnzanu weniweni amasangalala nanu, ngakhale mumtima muli kansanje pang'ono. Uyu amati, "Paja ndine ndinakuuza kuti ulembe kalata ija," kapena amayamba kufotokoza kuti udindowo ndi waung'ono, kapena amangokhala duu sabata yonse mpaka inu muyambe kudziona wolakwa chifukwa chopambana.

Pa kudzudzulidwa m'pamene amaonekera msanga. Mu 1998, akatswiri a za maganizo Brad Bushman ndi Roy Baumeister anauza ophunzira a pa yunivesite kuti alembe nkhani yaifupi. Ena anabwezeredwa pepala lawo ndi mawu oyamikira, ena ndi mawu onyoza kwambiri. Kenako aliyense anapatsidwa mpata woliza phokoso lopweteka m'makutu mwa amene ankaganiza kuti ndiye anachonga pepalalo. Amene analiza phokoso lalikulu koposa anali aja odzikonda kwambiri amene ananyozedwa. Kunyumba phokosolo limabwera mwa njira zina: kukalipa, kukumbutsa zolakwa zanu za zaka khumi zapitazo, kukana zimene wanena dzulo lomweli mpaka muyambe kukayikira mutu wanu. Ndipo mvetserani mmene amapepesera. "Pepani ngati mwakhumudwa" si kupepesa, chifukwa cholakwa chasanduka kukhumudwa kwanuko.

Chinthu chinanso: onani mmene amachitira ndi anthu amene sangapindule nawo kanthu. Mlonda wa pageti, woperekera zakudya, mwana wa eni nyumba. Amene amagwadira akuluakulu n'kumapondereza aang'ono wakuuzani zambiri osatsegula pakamwa.

Bwanji sindinazione poyamba? Anali munthu wabwino kwambiri.

Simuli nokha, ndipo si kupusa. Delroy Paulhus wa ku University of British Columbia ku Canada anaika ophunzira m'timagulu tokumana sabata iliyonse kwa masabata 7, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1998. Tsiku loyamba, aja odzitukumula ndi amene anakondedwa: anzawo ankawaona ochezeka, anzeru, odziwa zinthu. Pofika sabata yomaliza, anthu omwewo ankawaona odzikuza ndi aukali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khalidweli limafuna nthawi kuti lionekere, ndiye musadziimbe mlandu kuti munakopeka ndi zimene zinakopa aliyense.

Wanga ndi wofatsa, salankhulalankhula. Angakhalenso m'gulu limeneli?

N'zotheka. Mu 1991 katswiri wa za maganizo Paul Wink anasonyeza kuti khalidweli lili ndi nkhope ziwiri. Ina ndi yodziwika ija, ya munthu wodzaza nyumba ndi mawu ake. Inayo ndi ya munthu wamanyazi, wosachedwa kupwetekedwa mtima, amene amakhulupirira kuti dziko silinamupatse ulemu womuyenera. Sadzitama poyera, koma amasunga zifukwa, amadandaula kuti onse amamuchitira nkhanza, ndipo chisangalalo cha wina chimamuwawa. Pansi pa zonse ziwiri pali chinthu chimodzi: ine ndiye woyamba, zanga ndiye zofunika.

Koma apa m'pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Munthu amene ali ndi matenda a nkhawa kapena okhumudwa amathanso kuoneka wongoganiza za iye yekha, chifukwa ululu wake wamutsekera m'kati. Munthu wa autism, vuto limene limakhudza mmene munthu amachezera ndi kumvana ndi ena, akhoza kulephera kuwerenga nkhope yanu, koma mukamuuza kuti wakupwetekani zimamukhudza. Wa matenda a bipolar, nthawi imene maganizo akwera, amadziona ngati mfumu ya dziko, kenako zimatsika. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo nazonso zimabweretsa matama ndi kusaganizira ena. Ndipo achinyamata ambiri amadutsa m'nyengo yodzimva, n'kudzaisiya akakula.

Tsono makwizi a pa intaneti aja ndi odalirika?

Ambiri ayi. Alipo a mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa.

Ena anatengedwa ku chida chenicheni cha kafukufuku chotchedwa Narcissistic Personality Inventory, mwachidule NPI. Anachipanga ndi Robert Raskin ndi Calvin Hall mu 1979, ndipo mtundu wake wa mafunso 40, umene ndi wofala kwambiri, unatuluka mu 1988. Pa funso lililonse mumapatsidwa ziganizo ziwiri kuti musankhe chimene chikukukhalani, monga "ndine munthu wapadera" ndi "sindiposa anthu ambiri, komanso sandiposa". Chidachi n'chaulemu wake, koma chinapangidwa kuti chiyeze khalidweli mwa anthu wamba, si kupeza matenda. Chilibe mzere woti ukaudutsa ndiye kuti ukudwala. Mafunso ake ena ndi okhudza utsogoleri ndi kudzidalira, moti mphunzitsi wamkulu wolimba mtima, wokonda ana ake ndi antchito anzake, akhoza kupeza malikisi okwera. Wofatsa wosunga zifukwa uja, amene akuzunza banja lake mwakachetechete, akhoza kupeza otsika.

Mtundu wachiwiri, umene ndi wochuluka, ndi mafunso ongolembedwa ndi munthu amene akufuna kuti mukhalitse pa tsamba lake muone malonda. Palibe anawayesa pa anthu enieni kuti aone ngati akuyezadi chimene akunena. Ine ndinayankhapo kwizi yotere kawiri, ndikuganizira munthu mmodzi yemweyo. Koyamba tinali titangokangana, inatuluka kuti ndi woopsa, ndithawe. Patapita masabata awiri, titagwirizana, inatuluka kuti ali bwinobwino. Munthuyo sanasinthe chilichonse. Chimene kwiziyo inayeza ndi mtima wanga.

Koma ine ndinayankha moona mtima, ndipo zotsatira zinamufotokoza ndendende. Zimenezi mukuti bwanji?

Mu 1948, mphunzitsi wa za maganizo ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake 39 mafunso oyeza umunthu. Patapita sabata, aliyense analandira pepala lokhala ndi dzina lake, lofotokoza khalidwe lake. Anawauza kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza mmene pepalalo lawalondolera. Malikisi apakati anali pafupifupi 4.3. Kenako anaulula: onse analandira pepala lofanana, ndipo ziganizo zambiri anazitola m'kabuku ka okhulupirira nyenyezi. Munali mawu monga akuti mumafuna kuti anthu azikukondani, ndiponso kuti nthawi zina mumakayikira ngati munasankha bwino. Ndani amene sangavomere zimenezo?

Makwizi ambiri amayenda momwemo. "Kodi nthawi zina amakukhumudwitsani osapepesa? Kodi amakonda kuyamikiridwa? Kodi amakwiya mukamutsutsa?" Palibe mwamuna, mkazi, kholo kapena bwana amene angapulumuke pa mafunso otere. Ndipo palibe amene amakasaka kwizi imeneyi tsiku limene wagulidwa mphatso. Mumapitako mutapwetekedwa, yankho muli nalo kale, ndipo mutu umakumbukira msanga zoipa zisanu n'kuiwala zabwino makumi asanu.

Sindikunena kuti ululu wanu ndi wabodza. Mwina munthuyo ndi wankhanzadi. Ndikunena kuti nambala yatuluka pa foniyo sinawonjezere chilichonse pa zimene munkadziwa musanayambe.

Pali choopsa chilichonse poyankha makwiziwa, poti ndi aulere?

Chilipo. Kwizi ikakufunsani imelo kuti ikutumizireni zotsatira, kapena kuti mulowe kudzera pa Facebook, dziwani kuti malonda ake ndinu. Nkhani ya kampani ya Cambridge Analytica imene inaphulika mu 2018 inayambira pa kwizi yoyeza umunthu. Anthu pafupifupi 270,000 anaiyankha, koma kudzera mwa iwo ndi anzawo a pa Facebook, zinsinsi za anthu ofika 87 miliyoni zinatengedwa. Ena amakuopsezani ndi zotsatira kenako n'kukugulitsani maphunziro a "kuchira". Ndipo ngati mukukhala ndi munthu amene amafufuza foni yanu, kumbukirani kufufuta zimene mwasaka.

Nanga ngati narcissist ndine?

Pa intaneti amakonda kunena kuti wofunsa funso limeneli sangakhale narcissist. N'zotonthoza, koma si zoona kwenikweni. Mu 2014 Sara Konrath, Brian Meier ndi Brad Bushman anayesa kufunsa anthu oposa 2,000 funso limodzi lokha: mukugwirizana bwanji ndi mawu akuti "ndine narcissist", kuyambira 1 mpaka 7? Anapeza kuti mayankho ankayenderana ndithu ndi zotsatira za mafunso aatali aja. Ambiri a khalidweli amadziwa, kungoti saona cholakwika, ena amanyadira kumene.

Ndiye funso lothandiza si lakuti "kodi ndine?" koma lakuti "zikundipweteka kuti ndapweteka wina, kapena chikundiwawa n'chakuti anthu andiona woipa?" Funsani anthu awiri amene akudziwani kwa nthawi yaitali ndipo sakuopani. Akamayankha, musadziteteze. Mukalephera kukhala chete mphindi zisanu, mwaphunzirapo kanthu.

Ndikamufotokozera dokotala zonse, sangandiuze ngati mwamuna wanga ali nalo vutoli?

Dokotala wosamala ntchito yake sangatero asanamuone mwini wake. Mu 1964 magazini ya Fact ku America inafunsa madokotala a maganizo ngati Barry Goldwater, amene ankapikisana nawo pa upulezidenti, anali ndi mutu wabwino woti n'kulamulira dziko. Oposa 1,000 anayankha kuti ayi, asanakhale naye pansi ngakhale kamodzi. Goldwater anasumira magaziniyo ndipo anapambana mlandu. Mu 1973 American Psychiatric Association inakhazikitsa lamulo loletsa mamembala ake kunena za matenda a munthu wotchuka amene sanamuyeze. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kuyeza kwenikweni kumafuna kucheza ndi munthuyo kangapo, kudziwa mbiri yake kuyambira ubwana, ndi kuchotsa kaye matenda ena aja. Chimene dokotala kapena mlangizi angachite n'kukuthandizani inuyo, ndipo thandizo limenelo silidikira dzina la matenda a wina.

Chimayambitsa n'chiyani? Ndi kaleredwe?

Chibadwa chili ndi mbali yake, kaleredwe nakonso. Eddie Brummelman ndi anzake anatsatira ana 565 ku Netherlands pamodzi ndi makolo awo, ndipo mu 2015 anafalitsa zimene anapeza. Ana amene makolo awo ankawaona kuti ndi apadera kuposa ana ena onse, oyenera zoposa anzawo, ndi amene khalidweli linkakula mwa iwo. Ana amene ankangosonyezedwa chikondi ankakula odzidalira, popanda kudziona apamwamba. Kuuza mwana kuti "ndimakukonda" n'kosiyana ndi kumuuza kuti "palibe wofanana nawe". Madokotala amakumananso ndi ena amene anakulira m'nyumba yozizira kapena yankhanza, n'kumanga matama ngati linga lobisalamo.

Angasinthe?

Angathe, koma pang'onopang'ono, ndipo pokhapokha iye mwini atafuna. Palibe mapiritsi a vutoli. Thandizo lake ndi kucheza ndi katswiri wa za maganizo kwa nthawi yaitali, nthawi zambiri zaka. Chovuta n'chakuti ambiri sapita, ndipo opitawo amapita chifukwa cha zina: banja latha, ntchito yatha, tulo sakupeza. Khalidweli limatsikako munthu akamakula, koma musamange moyo wanu pa chiyembekezo chakuti ukalamba udzamukonza. Chikondi chanu pachokha si mankhwala.

Ndimuuze kuti ndi narcissist?

Mupindula chiyani? Ngati alidi wotero, mwamupatsa nkhani yatsopano yokanganirana, ndipo mawa liwu lomwelo adzakubwezerani. Ngati sali wotero, mwamunyoza ndi dzina la matenda amene alibe. Nenani chimene wachita ndi chimene inu mudzachite: "Dzulo munandinyoza pamaso pa alendo. Zikadzachitikanso ndidzanyamuka." Kenako zikachitika, nyamukanidi. Mmene angalandirire mawu amenewa, lero ndi miyezi ikubwerayi, zikuuzani zambiri kuposa makwizi onse.

Ndiye ndichite chiyani ngati sindikudziwa dzina la vuto lake, koma ndikuvutika?

Yambani kulemba m'kope. Tsiku, chimene chinachitika, mawu amene ananenedwa, amene analipo. Lembani zabwino zomwe. Sungani pamalo amene iye sangafike. Pakatha miyezi itatu werengani. Ena amapeza kuti inali nyengo yoipa chabe, ya ngongole kapena ya maliro. Ena amadzidzimuka kuona kuti chinthu chomwecho chabwerezedwa sabata iliyonse, ndipo ankangochiiwala chifukwa cha masiku awiri okoma apakati.

Musataye anzanu ndi abale anu, ngakhale iye atawanena kuti ndi oipa onse. Ngati ndi bwana kapena mnzanu wa kuntchito, zogwirizana zizikhala zolembedwa, ndipo zamumtima mwanu musamuuze. Ngati ndi kholo, mukhoza kulilemekeza ndi kulisamala popanda kuyankha foni iliyonse ya pakati pa usiku.

Koma ngati akukumenyani, kukuopsezani, kukulandani ndalama, kukutsekerani m'nyumba kapena kukukakamizani kugonana, lekani kufufuza za dzina. Zimenezo ndi nkhanza, kaya wochitayo akudwala kaya sakudwala, ndipo ambiri ochita nkhanza alibe vuto limeneli n'komwe. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, fikani kwa apolisi kapena ku mabungwe othandiza ozunzidwa, ndipo ngati mukukonza zochoka, konzekerani mwakachetechete, chifukwa nthawi yochoka ndi imene ngozi imakula. Pokaonana ndi mlangizi, tengani kope lija. Adzakufunsani kuti chinachitika n'chiyani Lachiwiri lapitalo, ananena chiyani, ndipo inu munagona kuti usiku umenewo.